Ma shoo a rock a nthawi yathu ya ku koleji: ndani akukumbukira?

Gome: Anzanga mwaswera? Lero mayi a kunyumba anandipatsa ntchito yokhuthula sutikesi ija ndinkayenda nayo ku Mzuni, akuti ikungoweta mphemvu kuno ku Chibavi. Pansi penipeni, pakati pa manotsi amene panopa sindikuwamva n'komwe, ndapeza kachingwe ka pamkono kolowera ku chikondwerero cha nyimbo cha Lake of Stars cha 2011. Kasuluka koma zilembo zikuoneka. Mwana wanga wamkulu wakatenga n'kufunsa kuti adadi, munagonekedwa chipatala chiti? Ndalephera kumufotokozera. Iye nyimbo amazidziwira pa foni, sanaimepo kutsogolo kwa sipika mpaka nthiti kunjenjemera. Ndiye ndati ndifunse kuno: ndani akukumbukira ma shoo a rock a nthawi yathu ija?

Ras Mphatso: Rock? Ku Mzuzu? Amwene mwadya chiyani lero? Ife tinkavina Mablacks ndi Soja basi. Rock munkaimvera m'chipinda mwanu muja muli anthu atatu, chitseko chotseka.

Lusungu: Kkkk yayambika. Ras, musiyeni munthu afotokoze kaye.

Gome: Ndifotokoza. Chaka chimenecho mafuta ankasowa, mukukumbukira mizere ya magalimoto yogona pa filing'i. Tinanyamuka atatu pa depoti m'mawa, kutsikira ku Nkhata Bay, kudutsa m'minda ya mphira ya Vizara anyamata akutiimika ndi mipira yawo ija, kenako Dwangwa, Nkhotakota, Salima. Pa Salima tinagona pakhonde la sitolo chifukwa minibasi yopitirira kunalibe. Mawa lake lole ya chimanga inatitaya pa Golomoti, ndipo ku Nkopola tinafika dzuwa likulowa, fumbi mpaka m'mano. Ine ndinali nditagulitsa foni yanga ya Nokia kuti ndipeze ya pakhomo. Zonsezi chifukwa cha bandi imodzi ya ku Oxford, Foals, imene ndinkangoimvera pa kompyuta ya mnzanga.

NyaGondwe: Munagulitsa foni imene inali ndi nambala yanga. Ndinakuimbirani sabata yonse akuyankha bambo wina wa ku msika wa Taifa.

Gome: Alamu, zimenezo tinakambirana kale kkkk.

Ras Mphatso: Ndiye zinali bwanji? Azungu akudumphadumpha pamchenga?

Gome: Ras, ndikuuzeni zoona. Pa kompyuta paja ndinkamva nyimbo, koma kuja ndinaona ntchito. Magitala awiri, wina walikweza mpaka pachifuwa, akuliza timawu tating'onoting'ono ngati nkhanga zikuitanizana, wa ng'oma thukuta kamukamu ngati akulima dambo. Kenako onse n'kugwera pamodzi, phokoso lija kukumenya pamimba. Kumbuyo kwanga nyanja, mwezi, asodzi ali m'mabwato ndi nyali zawo ngati palibe chikuchitika. Sindinavine ayi. Ndinangoima kukamwa yasa.

NyaGondwe: Chaka chimenecho chinali cholemera. Miyezi iwiri yokha m'mbuyomo tinali titaika anthu ku manda a Zolozolo, aja anafa pa zionetsero za pa 20 July. Ine nditamva kuti mwapita ku Mangochi kukamvera magitala ndinakwiya nanu kwenikweni, osati za foni zokha.

Gome: Ndikudziwa alamu. Mwina n'chifukwa chake ndinapita. Mumzinda muno munali zii woopsa nthawi imeneyo.

Lusungu: Ine ndinapita chaka cha 2010, ku Nkopola komweko. Kunali Noisettes, mtsikana uja Shingai Shoniwa akuimba uku akuliza bezi yekha. Makolo ake ndi a ku Zimbabwe. Kufikira tsiku limenelo ndinkaganiza kuti mkazi pa steji ntchito yake ndi kuyankhira kumbuyo ndi kuvina yunifolomu itafanana. Kunalinso Oliver Mtukudzi, koma iyeyo ndi nkhani ina, simungamuike m'gulu la rock.

Ras Mphatso: Mwaona? Zonse mukutchulazi ndi za ku Mangochi. Funso linali la Mzuzu. Ku Mzuzu kuno Loweruka lenileni linali Mablacks akabwera kuchokera ku Chileka. Mapositala pa mitengo yonse kuyambira ku Luwinga mpaka ku Katoto, ife kusunga ya sopo sabata ziwiri. Anjiru akangogwira maiki, Anthony Makondetsa atatenthetsa kale bwalo, munthu unkaiwala kuti Lolemba kuli mayeso. Ndipo akafika pa nyimbo za Matafale anthu ankaimba okha, bandi n'kungotsatira. Munthu anamwalira mu November 2001 koma mawu ake aliyense ankawadziwa pamtima, ngakhale ma yaro, a chaka choyamba aja, amene anali ku pulayimale nthawi imeneyo.

Gome: Palibe akutsutsa zimenezo, ine ndinkakhala nanu kutsogolo komwe kuja. Koma Lake of Stars inayambira kwathu konkuno Ras, ku Chintheche Inn mu 2004, isanasamukire kumwera. Inabwereranso ku Chintheche mu 2016.

Ras Mphatso: Ya ku Chintheche yoyambirira ija inali ya ma DJ kwambiri. Akuluakulu amene anatitsogolera ankatero.

Madala a ku Zolozolo: Ana inu, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Mundilole ndiponyepo liwu.

Lusungu: Takulandirani Madala. Aliyense akhale pansi kkkk.

Madala a ku Zolozolo: Inu munkandiona ngati mphunzitsi wokalamba wobwera kudzawonjezera maphunziro, wokhala kutsogolo m'kalasi ndi jekete la bulawuni. Simunadziwe kuti ndinakulira ku Kitwe, bambo anga ankagwira ntchito ku migodi ngati anthu ambiri a kuno kumpoto. Zaka za m'ma 1970 ine ndinaonera WITCH ndi maso angawa. Woimba wawo ankatchedwa Jagari, dzina lochokera kwa Mick Jagger, ndipo pa steji sankaima malo amodzi ngati wapondera moto. Tinkavala mabuluku otambalala kunsi, nsapato zazitali ngati njerwa, tsitsi ngati chisa. Kunalinso Paul Ngozi ndi Ngozi Family, ameneyo ankaimba m'Chinyanja chomwechi, gitala ikulira ngati macheka. Boma la a Kaunda litalamula kuti wailesi iziika kwambiri nyimbo za m'dzikomo, mabandi amenewa anaphuka ngati bowa. Nyimbo zimenezi zimatchedwa Zamrock, ndipo lero azungu akugula mbale zakale zija pa mtengo woti ungagulire mbuzi. Ndiye mwana wanga Mphatso, ukamati rock ndi ya azungu, ine ndimangoseka.

Ras Mphatso: Madala, ndagwada. Jekete lija linkabisa zambiri.

NyaGondwe: Ine ndikufuna chithunzi cha tsitsilo. Popanda chithunzi sindikhulupirira.

Madala a ku Zolozolo: Chithunzi chinapsa ndi nyumba ya agogo, mwamwayi. Ndiwonjezere kamodzi. Wambali Mkandawire amene munkamuona muno mu Mzuzu, wofatsa, woimba Chitumbuka chozama ndi jazi, paunyamata wake ankaimba ndi bandi ya Pentagon ku Blantyre, ndipo ankasakaniza rock ndi nyimbo za makolo. Anatisiya mu January 2021 ndi matenda aja a Covid. Mukamvetsera bwino mmene ankakokera mawu pamwamba, mumva kuti munthuyu anadutsa m'phokoso asanafike pa bata.

Yami: Ndipo musaiwale Body Mind and Soul, anyamata a konkuno, otsogozedwa ndi Street Rat. Anapambana mpikisano wa Music Crossroads wa mayiko a kuno kummwera kwa Africa mu 2007 n'kukaimba ku Ulaya. Nyimbo zawo ankazitcha voodjazz. Si rock yeniyeni, koma amene anawaonera akudziwa kuti mphamvu yake inali yomweyo. Ine ndinkawatsatira paliponse akaimba m'tauni muno.

Lusungu: Chabwino, koma pali njovu imene tonse tikuizungulira ngati sitikuiona. Gome, Yami, bwanji simukunena za bandi yanu?

Gome: Adimini, chonde.

Lusungu: Ndamuitana kale Chiko.

Chiko wa bezi: Ndafika! Moni nonse kuchokera ku Johannesburg. Ndani akunyoza bandi yathu? Tinaimba shoo imodzi yokha koma mpaka lero anthu akuikamba.

Ras Mphatso: Anthu ake ndi inu nomwe anayi.

Chiko wa bezi: Ras iwe unalipo, unalowa ulele ponamizira kunyamula sipika. Ndifotokoze bwinobwino kwa amene kunalibe, asamve za m'maluwa. Munali mu June 2010, kuzizira kwa Mzuzu kuja koti ukayankhula utsi kutuluka m'kamwa. Tinabwereka kaholo kena m'tauni, sinditchula dzina chifukwa mwini wake mwina akadali ndi mkwiyo. Gome pa gitala ndi kuimba, Yami pa gitala yachiwiri, ine pa bezi, ndi mnzathu uja wa ng'oma. Dzina la bandi tinasintha katatu sabata imodzi, pa positala tinangolemba kuti usiku wa rock, pakhomo K200. Mapositala tinalemba pamanja ndi maka, kumata ndi phala la ufa wa kondowole.

NyaGondwe: Phalalo ndinaphika ndine. Pakhomo ndinakhalanso ndine, ndi kambale ka pulasitiki. Tinalowetsa anthu 34, olipira 19.

Chiko wa bezi: Mwaona, mboni ilipo. Tsono zida. Magitala tinali nawo, a pa kaunjika, lina khosi lopindika. Amplifaya tinabwereka kwa mkulu wina wokonza mawailesi ku Chiputula, sipika yake inali yong'ambika pakati. Ife kudandaula, koma Yami atalumikiza gitala n'kukanda kamodzi, tonse tinayang'anana. Kulira kwake kunali kuja kwa pa ma CD, kokhadzula, konyansa bwino.

Yami: Pamenepo mpamene ndinaona phindu la fizikisi. Sipika ndi pepala lolimba limene limakankha mpweya. Likang'ambika silitsatiranso bwino mafunde a mawu, limanjenjemera paokha m'mphepete mwa chibowo, ndiye mawu amatuluka ndi zinyenyeswa. Chimodzimodzi ukakweza amplifaya kupyola mphamvu yake: nsonga za mafunde zimadulidwa, mawu osalala aja n'kusanduka okhakhala. Azungu amagula timabokosi topondera ndi phazi kuti apeze kulira kumeneku. Ndipotu Dave Davies wa The Kinks mu 1964 anachita kung'amba dala sipika yake ndi lezala. Ife umphawi unating'ambira kale.

Ras Mphatso: Kkkkk umphawi unating'ambira kale. Yami sunasinthe.

Chiko wa bezi: Ng'oma ndiye nkhani. Mnzathu uja ankaimba ng'oma ku tchalitchi kwawo, ndiye anakauza akulu a mpingo kuti achinyamata akufuna kukonzekera Loweruka usiku. Sanatchule kuti achinyamata ake ndi ati, kukonzekera kwake n'kwa chiyani. Tinazinyamula pa masakaramento atatu, ng'oma yaikulu ija Gome ataikumbatira kumbuyo kwa njinga ngati mwana wodwala.

Lusungu: A kunja kwa Mzuzu, sakaramento ndi kabaza, musaganize za mgonero.

Chiko wa bezi: Ngakhale ng'omazo zinali za ku tchalitchi ndithu kkkk. Tayamba 8 koloko. Nyimbo zitatu zoyamba, za mabandi akunja zimene tinaloweza, anthu anangoima m'mbali mwa khoma manja m'matumba. Gome akukuwa Chingerezi chimene iye mwini sankachimva, maso atatseka. Wina kumbuyo anakuwa kuti tiimbireni za Soja! Ndikukhulupirira anali Ras.

Ras Mphatso: Ndinali ine. Sindikupepesa.

Gome: Mawuwo ndinkawamva. Ena.

Chiko wa bezi: Nyimbo yachinayi ili pakati, magetsi phethi. Mdima wa bii. Magitala zii, bezi zii. Anthu anayamba kufuna ndalama zawo, NyaGondwe atakhalira kambale. Yami ndi mlonda anathamangira kukadzutsa kajenereta kumbuyo. Koma wa ng'oma sanasiye. Ng'oma sizifuna magetsi. Anapitiriza yekha mumdimamo, ndipo pang'onopang'ono kamenyedwe kanasintha, kuchoka pa kaja kowongoka ka rock kupita ku kaja ka kwawo ku Rumphi, kogubuduza, kokhala ngati ka vimbuza. Sindikudziwa ngati anachita dala. Anthu anayamba kuwomba m'manja motsatira. Amayi awiri amene ankagulitsa chipisi panja analowa, wina n'kumanga chitenje m'chiuno. Jenereta itadzuka, Yami anabwera akuthamanga n'kulowetsa gitala yokhadzula ija pamwamba pa ng'omazo, ine n'kupeza kanjira ka bezi ka manotsi atatu, Gome n'kusiya Chingerezi kuyamba kungobwereza mzere umodzi wa Chitumbuka umene amayi aja ankayankha. Nyimbo imodzi imeneyo tinaiimba mwina mphindi 20. Holo yonse kudumpha, fumbi kobo, mawindo kuchita thukuta ndi kuzizira kuli panja.

NyaGondwe: Ine ndinasiya pakhomo n'kulowa. Pamenepo mpamene analowa aulele ambiri aja.

Ras Mphatso: Apa sinditsutsa. Ndinavina. Ndinataya ndi chipewa changa cha mitundu itatu usiku umenewo. Koma funso langa lili pomwepo: chimene tinavinacho chinali rock kapena vimbuza ya magetsi?

Madala a ku Zolozolo: Mwana wanga, funso limenelo tinkafunsana ku Kitwe usanabadwe. Sitinapeze yankho, tinangopitiriza kupita ku dansi.

Yami: Kwa ine kusiyana kwake kuli pa kawerengedwe. Rock yambiri imayenda zinayizinayi, kugunda kwamphamvu pa yachiwiri ndi yachinayi. Ng'oma za kwathu zimakonda kuyenda zitatuzitatu mkati mwa kugunda kumodzi, ndiye thupi limagubuduka m'malo moguba. Usiku uja ine ndinkakanda zinayi, iye akumenya zitatu, ndipo pokumana pakepo mpamene anthu ankapenga. Tikanati tichite dala sitikanatha. Tinayesa sabata yotsatira m'chipinda ndi ndowa, zinakanika.

Lusungu: Nanga bwanji simunaimbenso?

Gome: Funsani Chiko mmene nyimboyo inathera.

Chiko wa bezi: Akuluakulu anati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Ife tinaona ndi maso, osati mwambi. Pachimake penipeni ndodo inalowa mu kang'oma kapakati kaja, chikopa bwaa. Ndipo mawa lake ndi Lamlungu, mapemphero oyamba 7 koloko.

NyaGondwe: Ndalama zonse za pakhomo zinali K3,800. Mwini holo anatenga zake, mafuta a jenereta anatenga zake, wa amplifaya anabwera m'mawa akuti sipika mwaing'amba, chonsecho inabwera yong'ambika kale.

Yami: Kunena chilungamo tinaiwonjezera.

Chiko wa bezi: Tinakhala mpaka 3 koloko tikumata chikopa ndi tepi ndi guluu wa nsapato, n'kuchitembenuza kuti chigamba chikhale kunsi. 5 koloko tili pa masakaramento m'chifunga chija cha Mzuzu choti suona ndi dzanja lako lomwe, kukabweza zida mlonda wa tchalitchi asanasinthane ndi mnzake. Kuchokera tsiku limenelo mnzathu anati iye za rock wasiya.

Lusungu: Mukudziwa kuti ali pagulu pano eti? Amangowerenga.

Gome: Ayi adimini, musatero. Munthu ndi m'busa tsopano.

Abusa: Mtendere ukhale nanu nonse. Ndawerenga zonse kuyambira pa kachingwe ka Gome.

Ras Mphatso: Kkkkkk abusa afika! Aliyense abise botolo.

Abusa: Ndikonze zinthu ziwiri. Choyamba, sindinaname kwa akulu a mpingo. Ndinati achinyamata akufuna kuimba Loweruka usiku. Inu simunali achinyamata? Chachiwiri, kamenyedwe kaja sindinachite dala. Mdima utagwa ndinachita mantha kuti ndikasiya anthu atiphwanyira zida za eni, ndiye manja anangopita kumene anazolowera. Agogo anga aakazi ankavina vimbuza, ine ndili mwana ndinkakhala pafupi ndi omenya ng'oma usiku wonse mpaka kugona pomwepo. Kunyumba kwathu bambo ankaletsa zimenezo, ku tchalitchi ndiye osayerekeza. Ndinkaganiza kuti ndinaziiwala.

Madala a ku Zolozolo: Manja saiwala, abusa. Ndipo musachite nazo manyazi, a UNESCO anazilemba kale vimbuza mu 2005 m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse.

Abusa: Manyazi ndilibe Madala, kungoti nkhaniyi sindinaikonzere ulaliki. Koma chimene anzangawa sadziwa ndi ichi. Lamlungu lija ndinakhala pa ng'oma ndikunjenjemera, ndikumenya mofatsa ngati ndikusisita khanda. Nyimbo yoyamba inadutsa. Yachiwiri, amayi a chigwirizano atakweza, ndinaiwala, tepi ija n'kudumpha. Kulira kwake ngati wamenya katoni yonyowa. Mapemphero atatha mkulu wa mpingo uja anandiitanira kuseri n'kunena kuti, mwana wanga, mlamu wanga amagulitsa chipisi pa holo ija, wabwera kunyumba usiku akuti sanavinepo chotero chichokereni kumudzi. Kenako anati chikopa ugule.

NyaGondwe: Mayi wa chitenje uja!

Chiko wa bezi: Zaka zonsezi osatiuza?

Abusa: Ndinakuuzani kuti chikopa ndagula K4,000 ndipo tigawane anayi. Gome anapereka. Yami anapereka theka ndi kalikyuleta. Achimwene a ku Johannesburg anati apereka alawansi ikatuluka.

Lusungu: Kkkkk ndafa ine.

Chiko wa bezi: Netiweki kuno ikuvuta, mauthenga sakufika bwino.

Ras Mphatso: K1,000 ya 2010, nthawi imene pepala lalikulu linali K500, kwacha isanagwe mu 2012. Yami tawerengera ndi chiwongoladzanja, tione ngati sikwana ng'oma zatsopano.

Yami: Ndikuwerengera. Koma kalikyuleta yanga ili kwa abusa.

Gome: Pamene mukukangana za ngongole, pali amene ali ndi chojambula cha usiku umenewo? Ndikukumbukira wina ataimika foni m'mwamba. Ndikufuna mwana wanga amve, asamaganize kuti bambo ake anangogonekedwa m'chipatala.

NyaGondwe: Inali foni yanu yomwe ija alamu, ndinkajambula ndine. Nokia imene munakagulitsa chaka chotsatira kuti mukaone azungu a ku Oxford.

Gome: Ayi.

NyaGondwe: Ndi memori khadi yomwe. Kafunseni bambo wa ku Taifa uja.

Abusa: Gitala ija ukadali nayo Gome? Ng'oma ku tchalitchi kwathu zilipo, ndipo tsopano wopempha chilolezo ndi wopereka chilolezo ndi munthu mmodzi. Loweruka masana holo imakhala yopanda anthu.

Gome: Ilipo, yatsala ndi nsambo zinayi. Yami uli ku Mzuzu mwezi uno?

Yami: Ndibwera pa 20, ndili ndi maliro a chaka ku Ekwendeni. Sipika yong'ambika ndipeza, imeneyo sivuta.

Madala a ku Zolozolo: Mundisungire mpando kutsogolo. Jekete ndisiya kunyumba.

Chiko wa bezi: Nanga bezi aimba ndani?

Abusa: Tumizani kaye K1,000 ija achimwene, nambala ndi yomwe ija.